Sipika Yanu Yong'ung'uza, Bwana

Kufupi ndi Dzoole,
Dowa.

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mawu Angwiro,
Ku Likulu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndafika pakhomo la ofesi yanu chipewa chili m'manja. Ndine Obed Kadzakumanja, mphunzitsi wopuma, amene ndinadya choko zaka makumi atatu ndi zinayi m'masukulu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Ndikudziwa kuti munthu wa udindo ngati wanu alibe nthawi yowerenga makalata a anthu onunkha fodya wa m'chigafa. N'chifukwa chake ndalemba poyera, kuti mwina wina wokuwerengerani nyuzipepala akutsineni khutu. Ndabwera kudzathokoza basi.

Mwezi wa Meyi mwana wanga Kezia, amene ndi namwino m'tauni, anandigulira masipika anu: tiwiri tating'ono, ndi chibokosi chachikulu chija mumati sabuwufa, chotulutsa mawu a pansi. Anafuna kuti ndizilumikiza ku kompyuta yake yakale imene anandisiyira. Mayi ake, akazi anga a Margareta, anatisiya chaka chatha. Ankaimba m'kwaya ya amayi a Chigwirizano kutchalitchi kwathu, ndipo mawu awo anali a pansi, aja amayi ambiri safikapo. Tili ndi nyimbo imodzi yokha imene munthu wina anajambula pa foni kwayayo ikuimba pa msonkhano. Koma pa foni ndi pa kompyuta mawu a pansiwo samveka, mumangomva amayi a mawu okwera okhaokha. Wogulitsa m'sitolo yanu anamutsimikizira Kezia kuti mankhwala ake ndi sabuwufa. Pa katoni panalembedwa ndi zilembo zagolide kuti "Imvani Chilichonse."

Simunaname, Bwana. Panopa ndikumva chilichonse, ngakhale zimene palibe anaimba.

Choyamba, ndithokoze mphatso yapadera imene munaiwala kulemba pa katoni. Nditangolowetsa pulagi m'soketi, nyimbo ndisanaiyambe n'komwe, chibokosi chija chinayamba kung'ung'uza, huuu, ngati chigayo cha dizilo chikulira kutsidya kwa dambo. Sichipuma, sichimeza malovu. Makampani ena ouma manja amagulitsa masipika amene amangokhala duu kudikira kuti mwini wake awapatse nyimbo. Anu amabwera ndi nyimbo yawoyawo kuchokera ku fakitale. Nditaika nyimbo ya kwaya ija ndinapeza kuti chibokosi chanu chimang'ung'uza pamene pomwe a Margareta ankaimbira, ndipo chimawaposa mphamvu. Akatswiri anu amadziwa kuyeza.

Chachiwiri, ndithokoze malangizo amene ndinalandira pa nambala yanu yothandizira makasitomala, kuchokera kwa a Madalo, munthu waulemu amene uthenga uliwonse amauyamba ndi kundifunira tsiku labwino. Poyamba anati nditalikitse foni chifukwa imasokoneza masipika. Ndinakaisiya kwa aneba, ndipo ndinkayenda ulendo kukawerenga langizo lotsatira n'kubwerera kudzaliyesa. Mawondo anga anapindula. Kenako anati ndichotse chibokosicho pafupi ndi furiji. Zikomo kwambiri pondiganizira kuti ndili ndi furiji. Pofuna kusakhumudwitsa kampani, ndinasuntha mtsuko wa madzi akumwa.

Anandiuzanso kuti kompyuta ndi masipika zizidya magetsi pamalo amodzi, chifukwa zikakhala pa masoketi osiyana magetsi amakangana m'mawaya n'kubweretsa phokoso. Nyumba yanga ili ndi soketi imodzi yokha, choncho lamulo limeneli tinayamba kulisunga tisanalimve. Anati waya wa mawu usagundane ndi waya wa magetsi. Ndinawalekanitsa ngati ana a Sitandade 1 olongolola, wina uku wina uko, mpaka kumangirira wina pa msomali wa kalendala. Anati ndizule chaja kuti kompyuta iyendere batire. Ndinazula. Ndinagulanso waya wina watsopano ku Mponela. Chibokosi chanu chinamvetsera zonsezi modekha, n'kupitiriza nyimbo yake.

Chachitatu, ndithokoze pondiphunzitsa kuti vuto lingakhale nyumba yanga. A Madalo anati magetsi a kumudzi amakhala opanda waya wa ethi, uja wolowa m'nthaka. Ndinaitana a Alexio, mmisiri amene anaika mawaya m'nyumba muno. Anakwiya ndithu, poti ntchito yawo inakayikiridwa ndi munthu amene sanaione. Anakumba kuseri kwa nyumba n'kundionetsa chitsulo chimene anakhomera pansi, chili bwinobwino. Pofuna kutseka pakamwa pa aliyense anakhomeranso china, kuthirapo makala, mchere ndi ndowa ziwiri za madzi. Titalowa m'nyumba, huuu. Pamenepo ndinamangirira chibokosi pa njinga n'kupita nacho kusukulu kumene amagwiritsa ntchito magetsi a dzuwa. Ndinapita nachonso kunyumba ya abusa. Konseko chinaimba nyimbo yomweyo pa mawu omwewo. Katundu wanu ndi wokhulupirika, Bwana. Sasintha khalidwe akafika kwa abusa, kusiyana ndi ambiri a ife.

Mayeso omaliza ndinakonza ndekha, poti uphunzitsi sutha. Ndinazuliratu waya wochokera ku kompyuta, ndinatsitsa voliyumu mpaka pansi, chibokosi n'kutsala chokha ndi pulagi yake. Chinang'ung'uzabe. Ngakhale mwana wobwereza kalasi akhoza kuona kuti matenda ali m'mimba mwa chibokosicho. Ndinawalembera a Madalo zimenezi. Anandiyankha ndi kachithunzi ka manja awiri opemphera, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanandilemberenso. Ndikhulupirira akadali m'mapemphero.

Chachinayi, ndithokoze kwambiri simenti. Nditasowa mtengo wogwira ndinapita kwa a Dominiko, amene amakonza mawailesi ndi mafoni pakhonde la sitolo ina ku Mponela. Atamasula tizisikuluwu anandionetsa tizitini tiwiri timene amati makapasita, totupa ngati nkhupakupa zokhuta. Anati ntchito yake ndi kusefa magetsi monga sefa achitira ndi ufa, ndipo tanuti tinali tating'ono kwambiri moti tinatopa tisanayambe ntchito. Kenako anandikodola kuti ndisuzumire. Pansi pa bokosilo panali chibuma cha simenti, chokulungidwa mu pulasitiki yakuda n'kumatidwa bwino ndi guluu. Kezia anasankha sabuwufa yanu chifukwa inali yolemera kuposa zonse m'sitolomo, ndipo wogulitsa anamuuza kuti kulemerako ndi umboni wa maginito aakulu. Masiku ano, pamene anthu akulephera kumaliza nyumba zawo, inu mukugawa simenti mwakachetechete osafuna n'kutamandidwa komwe. Mulungu akuonjezereni.

A Dominiko anasintha tizitini tija, ndipo phokoso linachepa masiku awiri. Tsiku lachitatu linabwerera lili ndi mphamvu ngati munthu wochokera ku tchuthi. Nditabwerera kwa iwo anati thiransifoma nayo ndi yaing'ono, imatentha, ndipo inaikidwa mogundana ndi mawaya a mawu. Kuti chichire, anatero, tiyenera kusintha zonse za m'katimo kupatula simentiyo, chifukwa ndi yokhayo imene sanaipeze ndi vuto.

Chachisanu ndi chachifupi. Kezia anabwerera nacho chibokosi kusitolo kwanu, kalata ya chitsimikizo cha miyezi khumi ndi iwiri ili m'manja. Anamuuza kuti chitsimikizocho chinafa tsiku limene tinatsegula bokosi. Nzeru zake ndazigomera. Tisanatsegule, wolakwa anali magetsi a kumudzi. Titatsegula, olakwa ndife. Munthu amene waiona simenti ndi yemweyo amene saloledwa kuidandaula. Anabwerera nacho kuno pa minibasi, kondakitala akumufunsa ngati wanyamula njerwa.

Tsopano mundilole ndisiye manambala, ndikuuzeni za mwezi watha.

Tinali ndi mwambo woonetsa chiliza cha a Margareta. Abale anabwera kuchokera ku Chezi ndi ku Ntchisi, ena sindinawaone chichitikireni maliro. Ndinali nditawalonjeza kalekale, masipika atangofika, kuti tsikulo adzamvanso mawu a m'bale wawo. Kezia anandichonderera kuti tingoisiya nkhaniyo. Ine ndinakana. Ndinaganiza kuti panja, pa anthu ambiri, mwina phokosolo lidzamwazika ndi mphepo. Ukalamba uli ndi kuuma mutu kwake, ndipo cholakwa chimenecho ndi changa, sindikukusenzetsani.

Titabwerako kumanda tinakhala pansi pa mitengo ya mango, amayi pa mphasa, abambo pa mabenchi a kutchalitchi. Tinatulutsa tebulo, waya n'kudutsa pa zenera. Nyimbo inayamba. Amayi a mawu okwera anamveka bwino, ndipo pansi pawo panali huuu wanu, wosakwera, wosatsika, wosatchula liwu ngakhale limodzi.

Akulu awo a Margareta, mlamu wanga a Faines, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndipo makutu awo anayamba kulemera. Anakhala pafupi ndi chibokosicho, dzanja ataliika pamwamba pake kuti amve kunjenjemera. Anatembenuka n'kundifunsa ngati mawu a pansiwo anali a mng'ono wawo. Anthu onse anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Ine, mkulu wa mpingo, ndinanama pa tsiku la chiliza cha akazi anga. A Faines anayamba kulira, akunena kuti sanadziwe kuti mng'ono wawo anali ndi chisoni chotero mumtima, kuti munthu woimba chonchi ndiye kuti ankavutika osauza anthu. A Margareta, Bwana, anali munthu woseka mpaka kugwira nthiti.

Kezia ananyamuka n'kukazula pulagi. Kenako amayi a Chigwirizano anaimirira okha, popanda wowauza, n'kuiyamba nyimboyo ndi pakamwa. Mawu a pansi palibe anawaimba. Anawasiya choncho, ndipo aliyense amene ankawadziwa a Margareta anamva pamene akanalowera.

A Faines anabwerera ku Chezi ndi mtima wolemera. Ndamva kuti akufunsa achibale mmodzimmodzi ngati ine ndinkamuzunza mng'ono wawo. Ndapitako kawiri kuti ndikawafotokozere, koma ndikayamba za makapasita ndi thiransifoma amangondiyang'ana ngati munthu amene akufuna pothawira. Ndipo ali ndi chifukwa, poti ndinavomera ndekha pamaso pa anthu.

Choncho, Wolemekezeka, sindikupempha sipika ina, chifukwa nyumba yanga singathe kulandira madalitso otere kawiri. Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Mutapeza mpata pakati pa misonkhano yanu, lembani kalata ya mizere itatu yokha kwa mayi Faines Chikakuda, kudzera kutchalitchi cha kwawo ku Chezi. Zilembo zikhale zikuluzikulu, ndipo mudindepo chidindo cha kampani, poti iwo amakhulupirira pepala lokhala ndi chidindo kuposa mawu a mlamu. Muwauze kuti amene anamumva akubuula tsiku lija sanali mng'ono wawo. Munali inuyo.

Ndine kapolo wanu womvera malangizo onse,

Obed Kadzakumanja,
Mphunzitsi wopuma.