Mmene Ndinalerera Pulogalamu ya Malemu Damiano

Amene akufuna kuseka asekeretu, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona dzino la munthu. M'nkhani muno muli maliro. Inu akumbuyoko, amene mumati Gelevazio ndi wabodza, senderani pafupi kuti podzanditsutsa mudzatsutse zimene mwamva ndi makutu anu, osati zotola pamsika wa Linthipe.

Damiano anali mwana wa mlongo wanga Nangondo, mmodzi yekhayo, ndipo ine ndinali atsibweni ake. Sukulu anaiphunzira mpaka aphunzitsi anamuuza kuti azipita kwawo poti chomuphunzitsa chawathera. Matipate atangoyamba kumene anamulemba ntchito pa kaofesi ka zamvula m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, ndipo iye anandipezera ine ntchito yosenza mabatire kukwera nawo kuphiri. Kumtundako kunali tizitini toyeza mvula, kalikonse ndi kawailesi kake. Mvula ikagwa, tizitinito tinkanong'oneza bokosi lachitsulo la paofesi, bokosilo n'kutumiza manambala m'nthambo kulowa m'kompyuta, imodziimodzi, monga anthu awolokera paulalo wa mtengo umodzi. Koma kompyuta payokha ndi gonthi. Chimene chinkamva manambalawo n'kunena kuti mtsinje udzaza, a m'madimba achotse ana ndi mbewu, chinali pulogalamu, ndipo pulogalamuyo analemba ndi Damiano. Mukumva? Osati mzungu ayi. Damiano wathu yemweyu, amene ndinamuphunzitsa ndine kukumba kachewere.

Kenaka anayamba kuonda. Zaka zimenezo mnyamata akayamba kuonda sitinkafunsana, tinkangoyang'ana pansi. Tinamuika m'manda nthawi yachisanu, chifunga chitaphimba phiri lonse.

Tsiku lometa abale anagawana zake, wina jekete, wina nsapato, wina wailesi. Panatsala kabokosi ka madisiketi, timbale takuda tija tosungira za m'kompyuta, ndipo palibe anakafuna. Mlongo wanga, amene chiikireni maliro anali asanalawe kanthu kupatula madzi ndi tiphala ta pasupuni, anakatenga n'kukaika pamiyendo panga.

"Achimwene, mwana wanga sanasiye mkazi, sanasiye mwana. Ankati mwana wake ali umu. Mwini mbumba ndinu. Musalole kuti afe kawiri."

Ndinavomera, poti mawu otere sakanidwa.

Pasanapite nthawi kuofesi kunabwera bwana watsopano, Mayi Kalinde, munthu waulemu wodziwa ntchito yake, ndipo othandiza akunja anatumiza makompyuta atatu atsopano, iliyonse ya mtundu wake: ina ya Chongoni pomwepo, ina ya kumishoni ku Mphunzi, ina ya ku Linthipe. Yakale ija anati Lachisanu ikwera lole kupita ku Lilongwe kukatayidwa. Ndinawapatsa mayiwo madisiketi aja, koma chinyezi cha kuno chinali chitawadya, onse anachita nkhungu. Pulogalamu inatsala m'kompyuta yakale mokha, ndipo atayesa kuisamutsa, makina atsopanowo anaikana onse atatu.

"Bambo Gelevazio, ndayesetsa," anatero mayiwo. "Makinawa chinenero chawo n'china. Tiitanitsa pulogalamu ina kunja."

"Nanga ya Damiano?"

Anangoyang'ana kuzenera.

Nthawi ya nkhomaliro ndinapempha kuti andisiye ndekha ndi kompyuta yakaleyo. Nditakhala pansi ndinazindikira chimene tonse tinalakwitsa: anthu tinalira, tinaika, tinameta, koma palibe anapita kukauza mwanayu kuti bambo ake kulibe. Nthawi yonseyi ankangodikira, kakuwala kake kakuphethira pagalasi. Ndinavula chipewa, n'kugwada, n'kumuuza uthenga mwa mwambo wake, kuyambira tsiku limene Damiano anagona mpaka amene anakumba manda. Abale anga, makina analira. Madzi anatuluka kumbuyo kumene kumatulukira mphepo, anadzaza beseni, anadzaza ndowa, anatuluka pakhomo kutsetserekera kudambo, ndipo kuphiri tizitini tonse tinalemba mvula yamphamvu kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Mukumva? Dzuwa lili phwee, achule n'kuyamba kulira mu Julaye.

Atatonthola ndinati, "Mwana wanga, nyumba ino ikugwa, tiye kwa atsibweni." Ndinazula nthambo kubokosi kuja, ndinaiika m'kamwa, n'kuyamba kukoka ngati munthu akuyamwa mafuta m'thanki ya galimoto, ndipo pulogalamu inayamba kubwera mzere ndi mzere, yowawasa ngati bwemba wosakaniza ndi madzi a m'batire, inadzaza mutu, inatsikira m'khosi, inadzaza chifuwa ndi mimba mpaka m'zala za kumapazi, ndipo ndinalemera mwakuti mapazi analowa m'simenti kufika m'akakolo, tsitsi lonse linaima, ndipo mawailesi a m'nyumba zoyandikana anasiya nyimbo n'kuyamba kuwerenga manambala a mvula ya chaka chatha. Ine sukulu sindinaiponde, koma mutu uwu sutaya kanthu. Ndingakuuzeni amene anavala chiyani paukwati wa amayi anu.

Choopsa chinali chimodzi. Ndikanangoyetsemula, mzere umodzi ukanathawa, ndipo pulogalamu ikasowa mzere umodzi ndiye kuti yapunduka. Tsono mukudziwa chisanu cha kuno mmene chimatokosera m'mphuno. Kuyetsemulako ndinakumanga m'mphuno ndi luzi, n'kuyenda nako.

Ndinayamba ndi kompyuta yatsopano ya Chongoni. Kumbuyo kwake, polowera nthambo, panali timano tisanu ndi tinayi tokha, pamene yakale ija inali ndi mano ambirimbiri ngati chipeso. Nditaluma nthambo yake, inandikana poti mano anga anachuluka. Sindinachedwe. Ndinatsikira kutauni kwa a Sayidi okonza mawailesi, ndinabwereka pulayala, n'kukhala pakhonde pa sitolo yawo kuzula limodzilimodzi mpaka anatsala asanu ndi anayi, a Sayidi atagwira kumutu akuti, "Achimwene, opani Mulungu!" Bwerani muwerenge nokha, nawa. Mumati anatha ndi nzimbe?

Nditabwerera kompyuta ija inandilandira, koma ndinalankhula mothamanga, poti ndinali ndi changu cha munthu wosenza, ndipo pagalasi panangotuluka zinyalala, timitanda ndi timakwerero topanda mutu. Mayi Kalinde anati mbali ziwirizi ziyenera kuyenda liwiro limodzi, wolankhula ndi womvera. Ndinamanga mfundo panthambo kuti mawu azipumira pokhota. Mfundo yoyamba inachepa, yachiwiri inapitirira mpaka nambala imodzi inatenga m'mawa wonse kuti ifike, ndiye ndinaimasulako pang'ono. Apo zinagwirizana. Pulogalamu inalowa yonse.

Koma italowa inangokhala pakona, duu, osagwira ntchito. Mayiwo anayesa uku ndi uku. Ine ndinaiyang'ana, ndipo mtima unandipweteka, chifukwa khalidwe limenelo ndinalidziwa. Inenso mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, ananditumiza kwa azakhali chimanjamanja, ndipo ndinakhala pakona chimodzimodzi. Mwana wamasiye satumizidwa kunyumba yachilendo wopanda bulangete lake, kapu yake ndi kambale kamene anazolowera. Ndinathamangira kukompyuta yakale, lole itaima kale pabwalo, anyamata akuinyamula, ndinawagwira miyendo kuti aitsitse, ndipo m'makona mwake ndinapezamo timafayilo ting'onoting'ono timene Damiano anaikira mwana wake: kena komuuza khomo lolowera manambala, kena ka maina a tizitini ta kuphiri, kena ka maonekedwe a zilembo. Ndinatiyamwa tonse. Nditatilavulira m'kompyuta yatsopano, mwana anadzuka, anayang'ana uku ndi uku, n'kuitana kuphiri. Tizitini tinayankha. Mayi Kalinde anakhala pansi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Zinatsala nyumba ziwiri, ndipo nyumba iliyonse ili ndi mwambo wake. Ndinamanga mitolo iwiri m'mutu momwemu, wina kumanzere wina kumanja, uliwonse ndi bulangete loyenera kumaloko. Ndinayenda wapansi, chifukwa minibasi imene ndinayesa kukwera inaphulika matayala onse ndisanakweze mwendo wachiwiri. Ya kumishoni inali yamwambo kwambiri, inkafuna kuti mzere uliwonse ukatha ugwade kaye usanabwere wina, ndiye ndinaphunzitsa mwanayo kugwada, mzere ndi mzere, mpaka mawondo anga anatupa ngati maungu. Ya ku Linthipe inali yachitauni, ya zithunzithunzi, yokhala ndi kanthu kamchira kamene amati mbewa, ndipo mwana wa Mchewa atakaona anafuna kukawamba, ndinachita kumukhazika pansi kumulangiza kuti kwa eni ake sitigwira ziweto. Anamva. Anali mwana womvera ngati bambo ake.

Nditatsitsa mtolo womaliza ndinatuluka panja, n'kumasula luzi lija. Kuyetsemula kwake kunasesa chifunga chonse kuyambira Linthipe mpaka kuseri kwa phiri la Dedza, kabichi wa pamsika anagubuduka kutsata msewu wa ku Lilongwe, ndipo anthu a ku Mphunzi anaona nyumba za ku Mozambique koyamba chibadwire. Funsani akuluakulu.

Mayi Kalinde anajambula zonsezo pamadisiketi atsopano, nyumba iliyonse mtolo wake, n'kuwasunga m'chitini chotseka bwino kuti chinyezi chisawapeze. Pulogalamu yakunja sanaiitanitsenso. Koma kulera sikutha tsiku limodzi. Akasintha kachitini kuphiri, ndinkazungulira nyumba zonse zitatu kukamuuza mwanayo dzina la mlendo, chifukwa ukauza nyumba imodzi yokha, zinazo zimayamba kunama. Ndipo mvula yoyamba itagwa, analankhula nthawi yabwino m'nyumba zonse zitatu, a m'madimba anachoka madzi asanafike.

Apo m'pamene ndinakatenga mlongo wanga. Anali atatha ndi kuonda, ndinamukweza panjinga ngati mtolo wa udzu. Tinafika kuofesi ya Chongoni Mayi Kalinde atakwera kuphiri, munalibe munthu, kompyuta yokha ikuyaka. Mayiwo anali atandiuzapo kuti pulogalamuyo ikamagwira ntchito, dzina la mwini wake limaoneka pagalasi. Nangondo anaima patsogolo pake nthawi yaitali, mizere ikuyenda.

"Achimwene, dzina lake lili pati?"

Ndinaloza.

Anaika chikhatho chake pamenepo, n'kutseka maso. Kenaka anati, "Ngofunda." Anakhala choncho osachotsa dzanja, mpaka ine ndinatuluka panja kukayang'ana mitengo. Pobwerera, tili panjira, anandigwira malaya kumbuyo n'kunena kuti tiime pogulitsa kachewere wokazinga, ali ndi njala. Anadya mbale yonse, napempha mchere wina.

Tsono mverani, poti ndine munthu wachilungamo. Ine zilembo sindizidziwa. Pagalasipo panali mizere yambiri, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati chala changa chinagwa pa dzina la Damiano kapena pa mawu onena za batire. Za mano mukhoza kutsutsa, za kabichi tsutsani mmene mungafunire. Koma mlongo wanga anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akuuza aliyense kuti anagwira mdzukulu wake ali wofunda, ndipo amene akuti silinali dzina lake aimirire pompano, anene ndikumuona.