Mabuti a Kamba wa a Zebedee

Ku Kawale kuno aliyense amene anawadziwa a Zebedee Namakhwa amakumbukira chinthu chimodzi: ankayeza anthu ndi maso ngati matumba a chimanga. Ukawapatsa moni, ankayamba akuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kunena kuti, "Inu mubwere Loweruka," kapena, "Pitani bwino, mulibe ntchito." Ine Flywell, woyandikana nawo nyumba, ndinakhala m'gulu lachiwirilo zaka zambirimbiri, ndipo zinkandiwawa.

Gwero la zonsezi linali galimoto. Anali ndi ka Volkswagen kakalekale, kobiriwira, ka injini kumbuyo, kamene tonse tinkakatcha Kamba. Ndi kamene kanawabweretsa kuchokera ku Mulanje mu 1976 pamodzi ndi akazi awo, Mayi Jemima, ndipo ali m'njira analonjeza kuti tsiku lina adzawatengera mayiwo kwawo pa Kamba yemweyo. Pofika 2004 lonjezolo linali lidakali pansi pa mtengo wa mango, likudontha oyilo.

Ovuta anali mabuti, timatumba ta mphira tophimba pamene zitsulo zoyendetsa mateyala akumbuyo zimatulukira mu giyabokosi. Akang'ambika, oyilo amathera pansi, magiya n'kuyamba kudyana. A Zebedee ankagula mabuti odula pakati, omanga ndi timabawuti, ndipo anali ndi malamulo awiri. Msoko uziloza kumbali, osati kumwamba. Komanso pomanga, galimoto ikhale italemedwa kuti zitsulo zija ziwongoke, apo ayi mphira imapindika n'kung'ambikanso. Apa m'pamene pankafunika anthu a thupi.

Loweruka lililonse Mayi Jemima ankakhala pampando wakumbuyo pamodzi ndi Mayi Kulusumu ogulitsa mandasi, mayi wa ku Mangochi amene Mulungu sanawamane thupi. A Zebedee ali chagada pansi pa galimoto, kunja kukuoneka miyendo yokha.

"Mayi Kulusumu, mwadya lero? Kuno sizikuonetsa."

"Iii, bambo, uno ndi mwezi wa Ramadani!"

"Basi tidikira uthe," anatero akutuluka, ndipo anadikiradi.

Tsiku lina ndinalowamo mwakachetechete kuti ndithandizeko. Pansi panamveka mawu akuti, "Jemima, tapirikitsa nkhuku yalowa m'galimotoyo." Ndinatsika, ndipo ndinatha sabata osawalankhula.

Akamaliza ankayala katoni pansi pa Kamba. M'mawa akapezapo dontho limodzi lokha, ankamasula zonse n'kuyambiranso.

"Bambo, dontho limodzi lingatiletse kufika?" ankafunsa Mayi Jemima.

"Limodzi pano, pa Dedza ndi khumi. Ukufuna anthu akatiseke tikukankha?"

Choncho mayi ankapita ku maliro a kwawo pa basi, koma bambo ankati maulendo amenewo sawerengedwa.

Loweruka lina mu Julayi 2006 ndinali pakhonde langa pamene ndinamva sipanala itasiya kulira.

"Mayi Kulusumu, mwatsika?"

"Ndili momwemuno, bambo."

"Jemima, wasuntha?"

"Ayi."

A Zebedee anatuluka pang'onopang'ono, natsegula chitseko, n'kuwayang'ana akazi awo nthawi yaitali.

"Jemima, wapepuka," anatero.

Ife tinkawaona tsiku ndi tsiku pampopi, atavala zitenje ziwiri ndi juzi, koma palibe anazindikira. Kuchipatala ananena kuti matenda a m'mimbawo apita kale patali. Mayiwo sanalire. Anangoti, "Bambo, ndikufuna ndikaone phiri lathu ndili ndi moyo. Pa Kamba."

Kuyambira pamenepo nthabwala zinatha. A Zebedee ankagwira ntchito masiku onse, timabawuti tikugwera m'dothi. Pamalo pa akazi awo anayamba kuitana aliyense wodutsa, ndipo mpaka ine anandiitana.

"Khalani, a Flywell. Chilichonse chithandiza."

Ndinali nditadikira zaka zonsezo kuti andiitane, koma nditakhala pampandopo ndinkangofuna kulira.

Katoni inakhala youma Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Mayi Kulusumu anawachonderera kuti anyamuke pompo. Iwo anati ayi, aonetsetse tsiku limodzi lokha, anyamuka Loweruka. Mayi Jemima anamwalira Lachisanu dzuwa litakwera.

Bokosi linapita pa lole, ifenso tili momwemo, a Zebedee akutsatira pambuyo pa Kamba. Kamba anakwera zitunda za Dedza, anadutsa Ntcheu ndi Blantyre, mpaka ku Mulanje osatsokomola n'komwe. Titaika maliro, a Zebedee anagwada ndi suti yawo, napisa dzanja pansi pa galimoto, n'kutionetsa chala. Chinali chouma.

"Akanafika," anatero. "Ngakhale chaka chatha akanafika."

Kamba anamusiya konko kwa alamu awo, n'kubwerera nafe pa lole. Sanagwirenso sipanala, ndipo mvula ya 2007 isanagwe tinawaperekeza nawonso njira yomweyo.

Mzere wathu uno unazizira. M'nyumba muja munalowa anthu ena, abwino ndithu, koma sitidziwana kwenikweni. Ine ndimawasowa a Zebedee, ngakhale kuti mtima wanga sunawakhululukire za tsiku limodzi lija. Nditanena zimenezi kwa Mayi Kulusumu pamsika, anasiya kutembenuza mandasi.

"Musawaweruze okha, a Flywell. Mnzanga uja anandiuza za matenda ake kuyambira Malichi. Anati bambo akadziwa, mtima uwathawa, galimoto siitha. Ndiye Loweruka lililonse ndinkalowa ndi njerwa zinayi m'dengu, pansi pa nsalu, kuti asazindikire zoti akazi awo apepuka."

"Miyezi inayi yonse?"

"Inayi yonse, m'malo momukokera kuchipatala." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Tsiku limene anazindikira lija, njerwazo sindinaiwale ayi. Ndinazisiya dala kunyumba."