Majombo a chigamba chachikasu

Ntchito yanga yoyamba inatha masabata atatu okha, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pamalopo ndimawoloka msewu.

Ndinaleredwa ndi agogo ku Sadzi makolo atamwalira. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso. Choncho ndinakula ndikudziwa anthu ndi mapazi. Mundionetse nsapato, ndikuuzani mwiniwake ndi mpingo wake womwe.

Nditalembedwa pamalo obetchera mpira m'tauni ya Zomba, abwana, mayi wosaseka, anandiwerengera malamulo omwe ali pafupi ndi chiphaso pakhoma. Ana osakwana zaka 18 ayi. Oledzera ayi. Kenako anandionetsa chithunzi cha a Chikopa, bambo wocheka matabwa kuphiri.

"Awa anasaina okha kuti tisamawalole kubetcha. Akabwera uwabweze. Ukawagulitsa tikiti, chiphaso chathu chili pamoto, ntchito yako yatha. Waiona nkhopeyo?"

"Ndaiona," ndinatero. (Chithunzicho chinali cha thupi lonse. Ndinaona majombo akuda, lakumanzere lili ndi chigamba chachikasu.)

Lachisanu lina masana kunabwera bambo woyendera malo a juga. Anakhala pakona ndi kabuku. Abwana anaima kumbuyo kwanga, maso awo ali pa woyenderayo, mpweya wawo ukundiwomba m'khosi.

Ndinagulitsa bwinobwino kwa nsapato zakuda zopolisha, kenako kwa mapatapata obiriwira omwe mwiniwake anandithokoza kawiri. Kenako pakhomo, gwa, gwa, gwa. Chigamba chachikasu!

Ine amene sindinakwezepo mawu chibadwire ndinaimirira.

"Pepani bambo, muno simuloledwa. Tulukani!"

"Ine? Ndalakwanji, mwanawe?"

"Munasaina nokha!"

"Kusaina chiyani? Ndangobwera kudzafunsa ngati Loweruka muonetsa mpira!"

Sindinamve zimenezo. Ndinazungulira kauntala n'kuyamba kuwakankhira majombowo kukhomo, maso ali pansi (ulemu sindinautaye). Anthu pamzere anayamba kuseka. Abwana anandikoka malaya.

"Iwe, dzutsa mutu! Awa ndi a Chikopa?"

Ndinadzutsa. Anali bambo wamtali wadazi amene sindinamuonepo.

"Majombowa ndagula m'mawa uno pamsika," anatero akupukuta chipumi, "kwa akulu awo ali apowo."

Tonse tinatembenuka. Pafupi ndi wailesi ya kanema panaima a Chikopa enieni, nkhope ija imene sindinaiyang'ane pachithunzi, atavala mapatapata obiriwira, tikiti yomwe ndinasindikiza ine ili m'manja.

Ndinamva cholembera cha woyendera uja chikuyenda pakabuku.

Abwana anafafaniza tikitiyo pomwepo, n'kupepesa kwa bambo wadazi, n'kupepesanso pakona paja. Kenako anatembenukira kwa ine. Anangotambasula dzanja, ine n'kuvula kabaji ka pachifuwa.

Panja ndinapeza a Chikopa atakhala pakhonde. Ndinkayembekeza kuti anditukwana. M'malo mwake anapukusa mutu.

"Mwanawe, ine ndinasaina kuti tsiku ngati lalero pakhale wondikaniza. Ndalowa ndikudikira kuti wina andigwire phewa. Iwe n'kundiuza kuti zikomo, mubwerenso?"

Malowo anangolandira kalata yochenjeza, akugwirabe ntchito. Ine ndinaphunzira kuti nthawi zina kulemekeza wamkulu ndi kumuuza kuti ayi. Kunena kwake ndiye ndikuyesererabe, ndikakhala ndekha.