Kapinga wa pa chikamwini

Pali zinthu zina zimene munthu ukazikumbukira, ngakhale uli wekha m'nyumba, umagwira kumaso. Zanga ine ndi za udzu.

Munali m'masiku a Chitaganya, azungu akulamulabe dziko lino, nditangokwatira kumene Esitere, ndikukhala chikamwini chakufupi ndi ku Milonde. Ntchito yanga inali yothyola tiyi pa esiteti ina: dengu kumsana, chiperoni pamutu, kuwerama kuyambira m'mawa. Podutsa panyumba ya bwana ndinkasirira anthu osamala maluwa, akuyenda mwachifatse pa kapinga wosalala ngati bulangete. Nditamva kuti mmodzi wa iwo wabwerera kwawo kutsidya kwa Muloza, ndinathamangira kwa kapitawo wathu, a Namakhwa.

"Iwe kapinga umamudziwa?" anandifunsa.

"Kwambiri, bambo. Ngakhale pakhomo panga ndinadzala." (Pakhomo panga panali fumbi ndi nkhuku basi. Pakamwa panangothamanga pokha.)

"Chabwino. Ndidzabwera Lamulungu lina kudzamuona. Akadzandisangalatsa, ndidzakutchula kwa bwana."

Ndinayamba ndi kutipula bwalo lonse, lomwe Esitere ankasesa m'mawa uliwonse mpaka kuwala. Kenako ndinatsikira kudambo, n'kumadula kapinga ndi khasu, ndi dothi lake lomwe, n'kumasenza pamutu, matope akuyenderera m'khosi mpaka kumsana. Ndinkayala zibumazo mogundaniza, n'kumazipondaponda kuti zigwire, ngati ndikuvina tchopa popanda ng'oma.

"Kodi inu, tikudzala chiyani?" anafunsa Esitere, tsache lili m'manja.

"Kapinga."

"Amadyedwa?"

"Ayi. Ngongoyang'ana."

Anandiyang'ana ine m'malo mwa kapingayo, n'kulowa m'nyumba.

Ndiye mvula inadula. Ku Mulanje kuno, kumene mvula imagwa ngakhale usanaipemphe, inangoti zii, dzuwa n'kumaswa mtengo. Kapinga anayamba kufiira. Esitere anakanitsitsa kutungira madzi udzu, choncho ndinasenza mtsuko ndekha kupita kuchitsime. Amayi akumeneko ankandipatsa malo mwaulemu wonse, n'kumati, "Tungani, amayi anzathu, ana angalire kunyumba." Ndinkaseka nawo, n'kusenza mtsuko wanga.

Kapinga atangoyamba kuphukira, mbuzi za amalume ake a Esitere zinamupeza. Ndinatchinga ndi minga (imene inalasa ine kuposa mbuzi). Mbuzi zitaleka, chinalowa chiswe. Ndinathira phulusa, nkhuku n'kusandutsa posambira pake, kufukula zibuma zanga chagada. Wina kuntchito anandiuza kuti kapinga amafuna manyowa. Ndinakokolola khola lonse n'kumwaza. Chimene chinamera mwamphamvu chinali bonongwe ndi chisoso. Amayi oyandikana nafe ankabwera ndi malichero kudzathyola ndiwo, n'kumanditamanda kuti tsopano aona nzeru yake ya munda umenewu.

Ndinazula, ndinathirira, ndinaonda. Makolala anatulukira kunja. Koma mvula itabwerera, abale anga, kapinga anagwira! Anabiriwira kuchokera pakhonde mpaka kunjira. Ndinamumweta ndi chikwakwa mosamala ngati ndikumeta mwana, ndipo ndinauza a Namakhwa kuti abwere Lamulungu la sabata yomweyo.

Loweruka titaweruka, ndinadzera ku Limbuli kukagula shuga woti mlendo adzamwere tiyi. Pobwerera, ndili chapatali, ndinamva amayi akuimba nyimbo za kutchalitchi, ndiponso ndinaona utsi. Ndinaganiza kuti pagwa maliro. (Sindinalakwitse kwenikweni.)

Apongozi anga anali atamva kuti kukubwera mlendo wamkulu. Anamema amayi anzawo ndi makasu, n'kupala bwalo lonse mpaka mizu, kuunjika kapinga kuseri kwa nkhokwe, kusonkhapo moto, kusesa, ngakhale kuzira khonde. Pabwalo panali mbee, singano kuitola.

Ndinangoti chilili, shuga ali m'manja. Apongozi, pokhala kuti mwamwambo sitinkayang'anana, anatembenukira kunkhokwe n'kulankhula ndi mwana wawo.

"Esitere, uwauze amuna ako asade nkhawa. Tinaona kuti tchire lawakanika, akungolimweta pamwamba. Mlendo angadzanene kuti pamudzi pano timagona ndi njoka. Tawathandiza."

Esitere anandibwerezera mawu onsewo, milomo ikunjenjemera, ndipo sikunali kulira ayi.

Mukanakhala inu mukanatani? Dothi lawo, mwana wawo, ngakhale khasu limene ndinkalimira linali lawo. Ndinagwada pafumbipo, ndinaomba m'manja, n'kuti, "Uwauze amayi kuti ndathokoza kwambiri." Mawu anatuluka ngati a mbuzi yomangidwa pakhosi.

M'mawa mwake a Namakhwa anafika pa njinga, atavala jekete. Anaunguza uku ndi uku.

"Nanga kapinga uja?"

Ndinawatengera kuseri kwa nkhokwe, n'kuloza mulu umene unali kufukabe utsi. Ndinayesa kufotokoza za mbuzi, za chiswe, za chitsime. Iwo ankangogwedeza mutu ngati akumvera munthu wamalungo. Anadya nkhuku yathu, anamwa tiyi wa shuga uja, anayamikira apongozi kuti bwalo laukhondo chotere sanalionepo, ndipo pokwera njinga anandigwira paphewa.

"Mwana wanga, ukanangonena kuti sumudziwa. Bodza limafuna mboni."

Ntchito ija anapatsa mphwawo. Ine ndinabwerera ku dengu langa, ndipo anzanga anandipatsa dzina loti Kapinga, limene linandikakamira kuposa mmene udzuwo unakakamirira pansi.

Pamulu paja apongozi anadzalapo maungu. Anabereka modabwitsa, ndipo mpaka tsiku la imfa yawo ankauza anthu kuti mkamwini wawo ngwaulesi polambula, koma manyowa okha amawadziwa. Chimene ndinatolapo n'chakuti ukakhala pa chikamwini, chinthu chosadyedwa usadzale usanafotokozere apongozi. Ndipo ukafotokoza, udzaonanso wekha kuti sichikumveka.