Nsomba Zanga mu Ngalande

Lolemba, 13 Januwale
Taonga wadzuka nkhope yonse zotupa. Udzudzu! Ukuswana mu ngalande ya kuseli kwa nyumba, kuno ku Chelstone. Amake akuti ukamulumanso apita naye kwa amayi awo ku Kabwata, ine nditsale ndi udzudzu wangawo.
Mlamu wanga, wosamala dziwe la bwana wina ku Kabulonga, akuti tinsomba timadya mphutsi za udzudzu. Za pakamwa ine ayi. Ndatunga madzi a mu ngalande mu ndowa, ndaponyamo kansomba kamodzi kamene mlamu wandipatsa. Tione.

Lachiwili
Mphutsi zonse psiti! Kansomba mimba ndendende. Ndikuonetsa amake Taonga. Akuti, "Chotsani ndowa yanga, nifuna kuchapa." Sakumvetsa. Ngalande ndi ndowa yaitali chabe.

Lachitatu
Mlamu wabweletsa chigubu chodzaza tinsomba. Ndakhuthulila mu ngalande. Gwilani ntchito, anyamata!

Lachinayi
Ena mwa anyamata akuyandama mimba m'mwamba, pomwe Ba Mulenga a nyumba yapafupi amatayila madzi a sopo. Ndadandaula. Iwo akuti, "Manje nitayile kuti, ba neba, mu thumba?"
Otsala abisala pansi pa tayala, akudya nyenyeswa za m'madzi otsukila mbale. Mphutsi zikuwadutsa pamphuno, osacheuka n'komwe. Mu ndowa kansomba kanalibe chakudya china. Kuno ndi hotela.

Lachisanu
Zimene mu ndowa munalibe: sopo, tayala, achule, pusi wa Ba Mulenga, ndi kakowa amene waima mu ngalande kuyambila m'mawa ngati walembedwa ntchito.
Kumwamba kwada. Mvula ikagwa tinsomba tithawa. Ndamasula neti ya udzudzu ya Taonga, ndatchinga nayo kumunsi kwa ngalande. Ndibweza amake asanaone.

Loweluka
Yagwa yamphamvu. Neti, tinsomba, tayala, zonse ulendo wa ku Avondale. Madzi adikha m'bwalo monse, m'zibotolo, m'mapazi a anthu. Udzudzu wapeza mapuloti atsopano.
"Atate ake Taonga, neti ili kuti?" Ndafotokoza bwinobwino, kuyambila pa ndowa. Amake Taonga akungopinda matewela.

Lamulungu
Apita ku Kabwata. Akuti ndikabwele ndi neti yatsopano, osati nsomba. Apongozi atumiza mawu akuti ndisayandikile chimgolo chawo cha madzi.
Ndakhala pakhomo, ndikudzimenya mbama m'makutu. Kansomba koyamba kaja kali bwino, kanenepa. Mu ndowa mulibe mphutsi ndi imodzi yomwe.
Nzelu yanga ikugwila ntchito ndithu. Kungoti banja langa silikwana mu ndowa.