Zipolopolo Zofika Cham'mbali

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Woyang'anira Zida,
Kampani yathu ya alonda,
Iloilo.

Bwana wanga,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale mawondo anga sakugwirizana nazo. Ndine Eufronio Magbanua, mlonda wanu wa pageti la sukulu ya anamwino, yemwe uja mumamuitana kuti "iwe" mukabwera kudzatiyendera. Pagetipo ndaimapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndalemba poyera chifukwa makalata atatu amene ndinasiya ku ofesi kwanu ndinawapeza mlembi wanu atakulungira nsomba zouma, ndipo ndinakondwa kuona kuti sanapite pachabe.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo lanu latsopano loti mlonda akalephera katatu mayeso owombera chandamale, abweze mfuti ndi yunifolomu. Ine ndalephera kawiri. Kachitatu ndi Loweruka lino. Mwana wanga Remedios amaphunzira unamwino pasukulupo mwaulere chifukwa bambo ake ndi a pageti, ndipo wangotsala ndi chaka chimodzi. Ine ndikachoka, nayenso achoka. Sindikunena kuti mundimvere chisoni, ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha chikombole. Munaganiza mwanzeru kuti zipolopolo za mayeso tisamagule, tizisungunula mtovu n'kuumba tokha kuseri kwa ofesi, ndipo munagula chikombole chimodzi cha mfuti makumi anayi. Mwambo wochilandira sindidzauiwala. Panali nkhumba yowotcha, wojambula zithunzi, ndi bambo mfumu amene anachiwaza madzi odalitsa mosaumira. Nong Ambrosio, mkulu amene amatiumbira zipolopolo, atangothiramo mtovu wotentha chikadali chonyowa ndi madziwo, unathetheka n'kumumeta nsidze zonse ziwiri. Mpaka lero amayenda ngati munthu amene wangomva uthenga wodabwitsa. Chikombolecho chinadalitsidwa, chinajambulidwa, chinadyeredwa nkhumba. Kuchiyeza kokha ndiye kunaiwalika.

Chachitatu, ndikupepesa kuti tinachiyeza ife popanda chilolezo chanu. Mfuti yanga ndi yakale ija ya saizi 38, ya zipolopolo zisanu ndi chimodzi, imene inalowa ntchito mlembi wanu asanabadwe. Tinatenga kamtovu kofewa ka pa chingwe cha mbedza cha alamu anga, n'kukapaka mafuta, n'kukagogodera mu mpope wa mfutiyo mpaka katulukire kuseri. Nong Ambrosio atayeza kunenepa kwake pa kachipangizo kake koyezera, kanawerenga 359. Chipolopolo cha m'chikombole chanu chinawerenga 356. Pabokosi pake panalembedwa, m'zilembo zazing'ono zimene anthu akuluakulu sawerenga, kuti ndi cha mfuti zatsopano zija, zotchedwanso 38, zimene inu a mu ofesi ndi alonda achinyamata mumayenda nazo m'chiuno.

Ndine wosaphunzira, koma izi ndikuzidziwa: chipolopolo cha mtovu chimayenera kunenepa pang'ono kuposa mpope, kuti chigwire timizere ta m'kati n'kutuluka chikuzungulira. Chanuchi chimadutsa chikugwedera ngati phazi lowonda m'jombo yobwereka. Moto umachipitirira m'mbali, mtovu umamatirira mu mpope, ndipo chikatuluka chimangogubuduzika mumlengalenga.

"Froning, mbale wanga, apa maso ako asiye," anatero Nong Ambrosio, amene amandiitana choncho. "Ngakhale atawombera mngelo, ichi chikafika ndi matako."

Nditabwera kudzakufotokozerani, munandilandira bwino kwambiri, ndili chiimire. "Madala, 38 ndi 38," munatero. "Kusiyana kwake n'kochuluka bwanji?" Ndinayankha kuti n'kofanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, inu n'kuseka mpaka kutsokomola. Sindikukuimbani mlandu, bwana. Tsitsi si chinthu chimene mumakumana nacho kawirikawiri m'mawa mukamasamba.

Chachinayi, zikomo ponditumiza kukayezetsa maso. Woyesa mayeso ataona kuti mabowo a pa chandamale changa ndi aatali ngati polowera kiyi, ena awiri ali pa chandamale cha mnzanga, anafunsa anthu onse akumva: "Agogo, mukuwombera kapena mukugenda?" Dokotala wa maso ndinamuwerengera mzere wotsiriza wa pa pepala lake la zilembo, ndiponso dzina la amene anasindikiza pepalalo. Kalata yake ili ku ofesi kwanu, ngati nsomba sizinaipeze.

Chachisanu ndi cha mkazi wanga Leonila, amene wapereka moni. Mtovu womatirira mu mpope umachoka pokhapokha ukaukwecha ndi kawaya ka mkuwa kotsukira mapoto, ndipo ndamuthera tisanu. Dzulo wandiuza kuti: "Mfuti ikuwala ngati ya mkwati, mapoto anga akuda bii. Mpungawo mukaphikire mu mfutimo." Ndaona kuti kampani iyenera kudziwa mbali imene banja langa likutengapo pa chitukuko chake.

Palinso kanthu kena kamene ndikuchita manyazi kukatchula. Alonda a mfuti zatsopano anakhoza onse. Ife khumi ndi mmodzi a mfuti zakale tinalephera tonse, ndipo tonsefe ndife a imvi, popeza mfuti zakalezo zinakalambira m'manja mwathu. Lipoti lanu linati vuto ndi ukalamba. Pali anthu amiseche amene akuti adzukulu anu khumi ndi mmodzi ayezetsa kale mayunifolomu kwa telala. Ine ndimawakalipira. Ndimawauza kuti bwana wathu sangapange chiwembu chozama chotero, zimenezo zimafuna munthu wodziwa kuyeza.

Nong Ambrosio ali ndi chikombole chake cha 360. Lamulungu tinakayesa kumunda kwa msuweni wake, ndipo zipolopolo zonse zisanu ndi chimodzi zinalowa malo oti mungaphimbe ndi kambale ka kapu. Ndinalira, bwana, ine munthu wamkulu, pakati pa nzimbe. Miyezi iwiri ndakhala ndikukhulupirira kuti manja anga atha, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza mawu okauza mwana wanga. Titakupemphani kuti tigwiritse ntchito chikombolecho pa mayeso, munati chilungamo chimafuna kuti onse alandire chipolopolo chofanana. Ndiye chilungamo chimenechi.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo silikudyerani kanthu. Tonse timadziwa kuti ndinu katswiri wowombera, mumatikumbutsa pa msonkhano uliwonse. Loweruka mubwere, mutenge mfuti yanga ndi zipolopolo zanu, muime pamzere, muwombere zisanu ndi chimodzi pamaso pa alonda onse, kuti ife okalamba tiphunzire. Mukakhoza, yunifolomu ndivula pomwepo, ndipo Remedios ndikamuuza ndekha kuti bambo ake ndiwo anamulepheretsa sukulu. Mukalephera, musadandaule, lamulo lanu ndi lachifundo, mudzakhala mutatsala ndi maulendo awiri. Ndikungopempha kuti zikatero, mwanayo mukamuuze ndinu chimene chamulepheretsa sukulu. Amatuluka m'kalasi folo koloko, ndipo geti ndidzakutsegulirani ndekha.

Ine wanu wodzichepetsa, amene adakali pageti mpaka Loweruka,

Eufronio Magbanua
Mlonda, mfuti nambala 17