Kabokosi Pamwamba pa Wailesi Yanga

Malemu amuna anga ankakonda kundichenjeza kuti, "Amake Esnart, tsiku lina mudzaitana anthu kuti agwire wakuba, ndipo adzamupeza kuchipinda kwanu." Ndinkangowayang'ana. Akanakhala moyo, bwenzi akuseka mpaka kutsamwa.

Ine pa wailesi sindifunapo nyimbo, ndimafuna mauthenga a maliro. Makolo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito, abale anamwazikana m'makomboni, ndipo kuno ukaphonya maliro a mnzako anthu amasunga mumtima. Tsiku lako likadzafika, adzakunyamula ndani?

Intaneti itafika ku komboni yathu ya Kalingalinga, mwana wanga Esnart anaika makompyuta m'chipinda chakumaso kuti ana asukulu azigwiritsa ntchito. Anagulanso pamsika kabokosi kotchipa kothwanima timagetsi, akuti intaneti imadzera mmenemo. Ndinakana kuti kakhale pamene pamalowa aliyense (ana a masiku ano amaba ngakhale sopo wotha). Ndinalamula kuti chingwe chidutse pamwamba pa khoma, kabokosi kabwere kuchipinda kwanga. Ndinakakhazika pamwamba pa wailesi, n'kukafunditsa kansalu koluka kuti maso a anthu asakaone.

Posakhalitsa wailesi inayamba kulira ngati kapenta m'mafuta otentha. Wolengeza akangoti, "Tikudziwitsa abale onse a ku Matero kuti," basi phokoso. Wamwalira ndani? Osamva.

Wolakwa ndinamudziwiratu: Ba Mwale, owotcherera mageti kuseri kwa mpanda wanga.

"Ba Mwale, vimakina vanu vadya mawu mu wailesi yanga."

"Ambuya, nayamba kuwotcha pano Esnart akali ku sukulu. Vayamba lelo kumva njala?"

"Mwagula vatsopano."

"Vatsopano? Onani dzimbiri ili."

Sindinawakhulupirire. Ndinasintha mabatire. Ndinamangirira waya pa mtengo wa mango. Ndinawaza mchere m'mbali mwa mpanda (abusa asamve). Kenaka maliro a Amake Tisa a ku Chawama, amene ndinkaimba nawo kwaya, anandipita. Ndinamva ataikidwa kale. Apo ndinavala chitenje changa chabwino n'kukwera minibasi, ulendo ku ofesi ya boma yoyang'anira mawailesi.

Kunabwera abambo awiri a ku ofesiko atanyamula kachipangizo kofufuzira kumene kukuchokera phokoso, ka mlongoti wonga minga ya nsomba. Ine patsogolo, komboni yonse pambuyo, mpaka kwa Ba Mwale. Kachipangizo kali chete. Mmodzi wa abambo aja atatembenukira kwathu, kanayamba kulira. Analowa pageti langa (lowotcherera Ba Mwale omwewo), kakulirabe. Pabalaza, kanakweza mawu. Mpaka kuchipinda kwanga, kumene ngakhale mkamwini sanapondeko.

Anavundukula kansalu kaja.

"Ambuya, anaika aka apa ni ndani?"

Ndinayang'ana kudenga.

"Kalibe na chidindo. Lamulo ikamba kuti vinthu monga ivi viyambe vapimidwa, visasokoneze mawailesi na ma TV ya anthu. Aka kavutitsa mzere wonse uno."

Mayi wina pawindo anati, "Kansi ndiye chifukwa mu TV yathu mugwa mvula." Ba Mwale anangokweza magalasi awo akuda owotcherera pamphumi, n'kundiyang'ana bwinobwino.

Kabokosi anapita nako. Esnart anakhala akundipatsa moni wa pamphuno mpaka atapeza kena ka chidindo, kamene tsopano kamakhala kumaso, kutali ndi ine. Ba Mwale ndinawapititsira nkhuku. Iwo anandiwotcherera kashelefu ka wailesi kokhala ndi denga lotsetsereka, dala, kuti ndisadzaikeponso kanthu pamwamba.

Wailesi tsopano imamveka ngati wolengezayo wakhala pa bedi langa, ndipo maliro sindiphonyanso. Ba Mwale ndi anthu abwino, koma ndikuwayang'anabe, chifukwa firiji yayamba kachizolowezi kolira akangoyatsa makina awo.

Mukadutsa ku Kalingalinga mudzandizonde, musadikire kumva dzina langa pa wailesi. Mugogode, mutchule dzina lanu ndi la amayi anu, ndipo mafoni musiye panja.